Sitiroko ikapha mkono, isaphenso mtima

Ogwira ntchito ya mafizo m'zipatala zathu ali ndi chinthu chimene chimawazunguza mutu chaka ndi chaka. Odwala awiri amatuluka m'wodi sabata imodzi. Onse anagwa ndi sitiroko, onse anafa mbali ya kumanja, msinkhu wawo ndi umodzi, ndipo dokotala akayang'ana chithunzi cha ubongo sapeza kusiyana kwenikweni. Ikatha miyezi 6, woyamba amabwera kudzaonetsa akuyenda ndi ndodo, mwendo akuukoka ndithu, koma mabatani a malaya wamanga yekha. Wachiwiri amafika atamugwiririra pa kabaza, mkono utapindikira pachifuwa, zala zitafumbata, maso ali pansi. Funso lililonse la namwino amayankha ndi mkazi wake.

Zina zimene zawasiyanitsa n'zoonekeratu: kutalika kwa mtunda, ndalama yoyendera, chakudya, ndi matenda ena monga shuga. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1980, madokotala akhala akuunjika umboni wa chinthu china chimene makina saona. Mmene wodwala akudzionera, chimene akuopa, ndiponso ngati ali ndi chifukwa chodzukira m'mawa, zonsezi zimatsikira m'mkono ndi m'mwendo. Kuno kwathu wodwala amagona m'chipatala masiku owerengeka kenako n'kubwerera kumudzi, choncho nkhaniyi ndi ya banja lonse.

Zimene zimachitika m'mutu

Sitiroko imabwera magazi akasiya kufika mbali ina ya ubongo, mwina mtsempha watsekeka, mwina waphulika. Mbali yomanidwa magaziyo imayamba kufa m'mphindi zochepa, ndipo ntchito imene inkagwira imaima. Mitsempha yochoka ku ubongo imapingasana potsikira m'thupi, n'chifukwa chake bala likakhala kumanzere kwa ubongo, zimafa ndi ziwalo za kumanja, kawirikawiri pamodzi ndi kuyankhula.

Bungwe la World Stroke Organization limati munthu mmodzi mwa anayi alionse a zaka zoposa 25 adzagwapo ndi sitiroko pa moyo wake. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti mmodzi mwa Amalawi atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sanali pa mankhwala alionse. Kafukufuku wina wa pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, wotsogoleredwa ndi Laura Benjamin, amene anatuluka mu 2016, anaonetsa kuti BP ndiye gwero lalikulu la sitiroko kuno, ndipo mwa anthu achichepere kachilombo ka HIV kali ndi mbali yaikulu. Ndiye m'wodi simupezamo agogo okhaokha. Mupezamo mphunzitsi, mayi wa geni ya tomato, dalaivala wa minibasi, anthu amene banja lonse linkadya thukuta lawo.

Mbali ya ubongo imene yafa siphukanso. Chimene chimachitika n'choti mbali zoyandikana nayo zimaphunzira kugwira ntchito ya inzake. Zili ngati mlatho ukapita ndi madzi: anthu amatsegula kanjira kena m'tchire, kamakula ndi mapazi oponda tsiku ndi tsiku, ndipo akasiya kudutsamo udzu umatseka. Ubongo umaphunzira mwachangu kwambiri m'miyezi itatu yoyamba. Pambuyo pake kuchira kumapitirira, ngakhale kwa zaka, koma liwiro limachepa.

Choncho mankhwala a mkono wofooka ndi kuugwiritsa ntchito, mwadala, mobwerezabwereza, pomwe iwo ukukana. Apa m'pamene maganizo amalowera. Munthu amene mumtima anatsimikiza kale kuti zake zinada sangakhale pamphasa m'mawa ndi madzulo akulimbana ndi kutola nyemba ndi zala zouma.

Amati ndi ulesi

Mu 2005, ndiponso mu 2014, Maree Hackett ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana. Maulendo onse awiri anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse opulumuka sitiroko amadwala matenda okhumudwa kwambiri, amene achipatala amati depression.

Kumudzi timangoti, "Bambowa akuganiza kwambiri." Osamalira akatopa, mawu amasintha: "Akuchita dala, ndi ulesi basi." Koma yang'anitsitsani. Munthu akukankha mbale ya nsima. Amadzuka pakati pa usiku osagonanso. Ankafera mpira wa Bullets ndi Wanderers, lero wailesi akuti izimitsidwe. Alendo akalowa amatembenukira kukhoma. Tsiku lina amatulutsa mawu amene aliyense amachita ngati sanawamve: "Ndangokhala mtolo ine, bola ndikanangopita."

Gwero la zimenezi n'lapawiri. Loyamba ndi chisoni chomveka bwino. Bambo amene ankalamula pakhomo pake lero akuperekezedwa kuchimbudzi ndi mwana wake. Mayi amene ankaphikira khamu pa maliro ndi pa ukwati akulephera kumanga chitenje. Fizi ya ana ndi feteleza wa chaka chino, zonse zikumuyang'ana iye ali chigonere. Gwero lachiwiri ndi bala lenilenilo, limene limatha kusokoneza mitsempha ya mu ubongo yoyendetsa chimwemwe ndi chilakolako chochita zinthu. Munthu wotere kungomuuza kuti "limbani mtima" sikumufika.

Robert Robinson, dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, anatsata odwala sitiroko kwa zaka zambiri pamodzi ndi anzake. Mu 1990 anaonetsa kuti patatha zaka ziwiri, odwala amene anakhumudwa anali atatsalira pa kudzisamalira, monga kusamba, kuvala ndi kudya, powayerekeza ndi anzawo amene anayamba ndi kulumala kofanana. Mu 1993 anaonetsa kuti m'zaka 10, chiopsezo cha imfa mwa okhumudwawo chinali chochuluka kuposa katatu. Njira yake siyovuta kuitsata. Wokhumudwa amajomba ku mafizo, amadumphitsa mankhwala a BP, sadya mokwanira, amagona tsiku lonse. Kugona chigonere kumaumitsa mfundo, kumabala zilonda za pamsana ndi m'chiuno, ndipo kumaitana chibayo.

Matendawa saona nkhope. John Fetterman, phungu wa nyumba ya Senate ku America, anagwa ndi sitiroko mu Meyi 2022, napambana chisankho mu Novembala chaka chomwecho. Mu Febuluwale 2023 anakadzigoneka yekha pa chipatala cha Walter Reed chifukwa cha kukhumudwa, ndipo anakhalako pafupifupi milungu 6. Ndalama, udindo ndi madokotala abwino, zonse anali nazo.

Palinso zina zochokera ku bala la ubongo zimene mabanja amazitenga ngati khalidwe loipa. Wodwala wina amalira kapena kuseka mosaletseka pa kanthu kochepa, mwini wake n'kumachita manyazi. Wina, makamaka amene bala lili kumanja kwa ubongo, amaiwaliratu kuti kumanzere kuli dziko: amadya nsima ya mbali imodzi ya mbale, amadzigunda pa chitseko, sakuona kuti mkono wake walendewera. Wina mawu amamuthawa. Amafuna kunena "madzi" koma pakamwa pamatuluka china, kapena sipatuluka kanthu. Nthawi zambiri nzeru zake zimakhala zilipo, ndipo ambiri amamva zimene tikukamba pambali pawo ngati kuti palibe munthu. Tsono taganizani mmene mtima wake umachitira akamva mlamu wake akunena kuti, "Awa ndiye basi, mutu unasokonekera."

Piritsi lili ndi malire

Madokotala anayesapo njira yachidule. Mu 2011, kafukufuku wa ku France wotchedwa FLAME, wa odwala 118, anaonetsa ngati kuti mankhwala a fluoxetine, amene amaperekedwa kwa okhumudwa, amathandizanso ziwalo kuchira. Chiyembekezo chinakula. Kenako panachitika kafukufuku wamkulu mitundu itatu: FOCUS ku Britain wa odwala oposa 3,000, EFFECTS ku Sweden, ndi AFFINITY ku Australia, New Zealand ndi Vietnam. Zotsatira zinafanana. Kupatsa fluoxetine wodwala sitiroko aliyense sikunawonjezere kuyenda kapena kudzidalira, ndipo omwa mankhwalawo anathyoka mafupa kawirikawiri kuposa anzawo. Ku Britain ndi ku Sweden anaona kuti kukhumudwa kokha n'kumene kunachepako.

Tanthauzo lake n'lomveka. Amene wapezeka ndi matenda okhumudwa apatsidwe chithandizo, kaya mankhwala osankhidwa ndi dokotala, kaya uphungu, kaya zonse ziwiri. Koma piritsi silisuntha chala. Limangochotsa chimene chimaletsa munthu kudzuka, ntchito yophunzitsa mkono n'kutsalabe kwa mwini wake.

Chikondi chimene chimaumitsa mkono

M'mawa pakhonde, mayi wabweretsa phala. Mwamuna wake akuyesa kukweza dzanja lofookalo kuti agwire supuni, ikunjenjemera, phala latayikira pa malaya.

"Iii, abambo ake, musadzivute. Ndikumwetsani ine."

Ndi mawu achikondi, ndipo ndi mmene tinaleredwera: wodwala sagwira ntchito, wamkulu sasiyidwa akuvutika ana akuonerera. Koma mawa lake bambo aja sayesanso. Mkuja amagwiritsa ntchito dzanja labwino lokha. Ikatha miyezi iwiri, ubongo waphunzira kuti kumanja kulibe mkono.

Edward Taub, katswiri wa ku America, ndiye anafotokoza bwino za vutoli: munthu akayesa n'kulephera m'masiku oyamba, amazolowera kusagwiritsa ntchito chiwalocho, ngakhale mphamvu itayamba kubwerera pambuyo pake. Kuchokera pa ntchito yake kunatuluka njira yovalitsa dzanja labwino chinthu choletsa kugwira, kuti lofookalo likakamizike. Kafukufuku wa EXCITE wa mu 2006, wa odwala 222 amene anali atatha miyezi itatu mpaka 9 chigwereni, anaonetsa kuti milungu iwiri ya njira imeneyi inabweza ntchito ya mkono, ndipo phindulo linalipobe patatha chaka. Njirayi ndi ya okhawo amene zala ndi mkono zayamba kale kusuntha, ndipo imafuna katswiri wa mafizo. Koma phunziro lake ndi la nyumba iliyonse: chimene wodwala angathe kuchita yekha, ngakhale mochedwa ndi motayatayira, musamulande.

Ntchito zophunzitsa mkono zadzaza pakhomo pathu. Kutong'ola chimanga, kusankha nyemba, kutema mbamu ya nsima, kupukuta tebulo, kusewera bawo, kuwerenga ndalama za pa geni. Mkono wofooka musaukoke pomudzutsa, chifukwa phewa limavulala msanga, ndipo ululu wake umagwetsa ulesi. Amene amatsamwa pomeza aonedwe kaye ndi achipatala asanayambe kudzidyetsa.

Kusungulumwa nako ndi mdani. Mu 2004, Julie Bernhardt ndi anzake anakhala akuyang'ana odwala sitiroko m'zipatala za ku Melbourne, ku Australia, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anapeza kuti nthawi yoposa theka odwalawo ankakhala ali pabedi, ndipo nthawi yoposa 60 peresenti ankakhala okhaokha. Ngati zinali choncho m'dziko lolemera, nanga wa kuchipinda cha mdima, chitseko chotseka, ena onse ali kumunda? Mutulutseni akhale pabwalo. Adye ndi anzake. Nkhani ya kugulitsa mbuzi kapena ya chinkhoswe cha mphwake, afunsidwe maganizo monga kale.

Mantha ndi hamala

Amene anagwapo kamodzi popita kubafa amayamba kuopa kuimirira. Akaopa amakhala pansi, akakhalitsa pansi miyendo imafooka, ikafooka kugwa kumaphweka. Ena amaopa kuti akadzilimbitsa sitiroko ibweranso. Zoona zake n'zakuti chimene chimateteza ku sitiroko yachiwiri ndi kumwa mankhwala a BP mosadumphitsa, kuchepetsa mchere, kusiya fodya, kuyang'anira shuga, ndi kuyendayenda komweko.

Mantha ena ndi akuya. Popeza sitiroko imagwetsa munthu amene dzulo anali kulima, ambiri amati wamenyedwa ndi hamala ya afiti. Chikhulupiriro chimenechi chimasintha funso la pakhomo. M'malo mofunsa kuti "tichite chiyani ndi mkonowu," banja limafunsa kuti "wachita ndani." Miyezi itatu ija, imene ubongo umaphunzira msanga, imathera m'maulendo a kwa asing'anga, ndalama ya thiransipoti ya ku mafizo n'kupita ku nkhuku ndi mphini. Wodwala amayamba kukayikira mbale wake, amakana alendo, amakana chakudya cha kwa aneba. Ndipo munthu wokhulupirira kuti mphamvu yake ili m'manja mwa wina saona chifukwa chochitira mafizo.

Mapemphero ndi mafizo sizidana. Mpingo ndi mzikiti zili ndi mphamvu imene chipatala chilibe, yomubwezera munthu pakati pa anthu. Amayi a Mvano kapena a mphakati akamabwera, asangopemphera n'kunyamuka. Akhale, acheze, ayimbe naye. Odwala ena amene mawu anawathawa amatha kuyimba nyimbo imene anaizolowera, chifukwa kuyimba kumadalira mbali zinanso za ubongo, ndipo akatswiri ophunzitsa kuyankhula amagwiritsa ntchito zimenezi. Chimene mlaliki apewe ndi kumuuza wodwala kuti sakuchira chifukwa chikhulupiriro chake n'chochepa, kapena kuti ataye mankhwala.

Mwini moyo atenge chiwongolero

Mu 1977, Albert Bandura anafotokoza kuti munthu amayesa ndi kupirira molingana ndi mmene akukhulupirira kuti angathe, ndipo chikhulupiriro chimenecho chimakula kwambiri iye akadzionera yekha atapambana pa kanthu. Kulimbikitsa kwa pakamwa kumabwera pambuyo. Mawu oti "muchira, musadandaule" sapambana tsiku limene wodwala wadzimwetsa yekha kapu ya madzi.

Ku New Zealand anaiyesa nzeru imeneyi. Matire Harwood ndi anzake anayamba ndi odwala a mtundu wa Māori ndi a ku zilumba za Pacific, zotsatira n'kutuluka mu 2012. Kenako Vivian Fu, Harry McNaughton ndi anzawo anaibwereza pa odwala 400, zotsatira n'kutuluka mu 2020. Njirayo, yotchedwa Take Charge, inalibe makina kapena mankhwala. Munthu wophunzitsidwa ankapita kunyumba kwa wodwala kamodzi kapena kawiri, n'kucheza naye za chimene iye ali kupatula matendawo, chimene amachikonda, ndi chimene akufuna atachitanso, wodwalayo n'kudziikira yekha zolinga. Patatha chaka, amene anachezeredwa motere anali ndi moyo wabwinopo ndipo ochepa mwa iwo ankadalira ena, powayerekeza ndi amene sanachezeredwe.

Cholinga chochokera kwa mwini wake chimakoka kuposa cholamulidwa. "Kwezani mwendo ka 20" n'kotopetsa. "Ndikufuna ndikafike ndekha kudimba" ndi nkhani ina. Cholinga chotero chimadulidwa m'zidutswa: sabata ino kuimirira atagwira mpando, sabata ya mawa kufika pakhomo, kenako pa mtengo wa mango, kenako kumsewu. Mdzukulu alembe m'kope zimene agogo akwanitsa, chifukwa kusintha kwa tsiku ndi tsiku n'kochepa moti mwini wake sakuona. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wonyamula mnzake

Pafupi ndi wodwala sitiroko aliyense pali munthu, kawirikawiri mayi kapena mtsikana, amene wasiya geni, munda kapena sukulu. Amatembenuza, amasambitsa, amachapa zofunda usiku, ndipo alendo onse amafunsa za wodwala yekha. Iyenso amatha kudwala kukhumudwa. Wotopa amasankha chachangu, chomwe ndi kumuchitira wodwala chilichonse, kapena amayamba kukalipa, wodwala n'kutsimikiza kuti ndi mtolodi. Achibale agawane masiku, ndipo amene ali kutauni kapena ku Joni asaganize kuti kutumiza ndalama pa foni kwathetsa mbali yawo.

Komanso tisanamizane kuti banja lokha lingathe zonse. Ku India, kafukufuku wa ATTEND wa mu 2017, wa odwala 1,250, anaphunzitsa achibale kuchititsa mafizo kunyumba, koma patatha miyezi 6 sipanaoneke kusiyana ndi odwala amene achibale awo sanaphunzitsidwe. Akatswiri amafunikabe. Malawi anayamba kuphunzitsa madigiri a mafizo mu 2010 pa College of Medicine, imene lero ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Ku Blantyre kuli malo a Kachere, kumene odwala amagonekedwa kuti aphunzirenso kuyenda ndi kudzisamalira. Za maganizo, kuli chipatala cha ku Zomba ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Koma kwa wa ku Nsanje kapena ku Chitipa, maina amenewa ndi akutali.

Anzathu a ku Zimbabwe anaonetsa kuti uphungu ungathe kufika pafupi. Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi a ku Harare kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kuthandiza anthu ovutika maganizo kumasula mavuto awo limodzilimodzi, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anatsimikiza kuti njira ya Friendship Bench imagwira ntchito. Ife tili ndi alangizi a zaumoyo amene amafika m'midzi. Kuwaphunzitsa kufunsa wodwala sitiroko mafunso awiri kapena atatu a za mumtima n'kotheka.

Osamuweruza

Mawu onsewa asasanduke ndodo yomenyera wodwala. Chimene chimalamula kwambiri kuchira ndi kukula kwa bala ndi malo amene lakhala. Alipo amene amachita mafizo mokhulupirika, mtima uli m'malo, koma mkono osabwerera. Munthu wotere sanalephere, ndipo angathe kuphunzira kuvala, kuphika ndi kuchita geni ndi dzanja limodzi. Maganizo sachotsa bala. Chimene amachita n'kulola munthu kufika pamene thupi lake likanatha kufika, ndipo ambiri amaima kutali ndi pamenepo chifukwa cha kukhumudwa kumene palibe anakutchula, mantha amene palibe anawayankha, ndi chisamaliro chimene chinawalanda ntchito zonse.

Inu amene muli ndi wodwala sitiroko pakhomo, ulendo wotsatira wokatenga mankhwala a BP musakangonena za mwendo. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposa wakhala wosakondwa, sakudya, sakugona, kapena wasiya zimene ankakonda, kawauzeni adokotala momveka, ndipo mufunse chithandizo chake. Akayamba kunena za kufuna kufa, musamusiye yekha, bisani mankhwala a mbewu ndi zingwe, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kukhumudwa kobwera ndi sitiroko ndi matenda, ndipo kumachizika.